Mbumba ya Mayi Ida Chilembwe

M'dziko lino la Chiradzulu, kuyambira kwa Mpama ndi kwa Chitera kufikira kwa Likoswe, kwa Kadewere ndi kwa Nkalo, munthu akafunsidwa pabwalo kuti iye ngwa kwa yani, sayamba ndi atate wake monga achitira abale athu a ku Mzimba, koma atchula amake, natchulanso amake a amakewo, nakwera chomwecho bele ndi bele kufikira atafika pa mayi uja amene akulu amati ndiye tsinde, amene anayamba kuimika mtondo pamalopo mudzi usanatchedwe mudzi. Amang'anja, Ayao ndi Alomwe, angakhale asiyana malilime ndi magule, pa chinthu ichi sasiyana: munda ngwa mbumba, manda ndi a mbumba, ndipo ufumu ukagwa, amene aloza wolowa dzina ndiwo amayi, ndi amene alowa ndiye mwana wa mlongo wake wa mfumu, osati mwana wobala yekha. Chifukwa chake kuwerenga makolo achikazi si nzeru yodza ndi sukulu kwa ife ayi. Tinaidziwa pepala lisanaoneke, ndipo nkhalamba yosatha kulemba dzina lake ikhoza kukuyalirani mibadwo isanu osaphonya mwana ndi mmodzi yemwe.

Koma masiku ano kwabuka kuwerenga kwa mtundu wina. Ana athu ophunzira, okhala ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ena ku Johannesburg ndi kutsidya kwa nyanja, akafika kumudzi sakhuta ndi maina a agogo amene analima, nabala, nagona m'manda popanda mbiri. Afuna kholo lomveka, la dzina lolembedwa m'buku, limene angathe kulitchula pamaso pa alendo. Ndipo popeza mwa akazi onse a dera lino a m'nthawi ya atsamunda palibe amene dzina lake lamveka koposa la Mayi Ida, mkazi wa Abusa John Chilembwe a ku Mbombwe, mwezi wa Januwale ukafika, pamene dziko likumbukira mwamuna wawo pa tsiku la 15, sasowa anthu onong'onezana kuti, "Ifetu kwathu tikhudzana nawo." Anthu otere sindiwaseka, pakuti njala yofuna kudziwa kumene unachokera ndi njala yaulemu. Koma pali funso limene lindisautsa ine, ndipo ndiyesa liyenera kusautsa Mkhristu aliyense ndi Msilamu aliyense amene akhala pansi kuwerenga mibadwo yake: munthu akapeza kuti m'thupi mwake muyenda mwazi wa mkazi womveka, wapeza chiyani? Kodi ulemu wa kholo utsika ndi mwazi monga utsikira munda, kapena uli ndi njira yakeyake?

Tiyambe ndi mayiwo eni ake. Mabuku awatchula Ida Zuao asanakwatiwe. Pamene John Chilembwe anabwerera kuchokera ku Lynchburg m'dziko la Amereka m'chaka cha 1900, nakhazika mishoni ya Providence Industrial Mission (PIM) ku Mbombwe ndi thandizo la Abaptisti akuda a National Baptist Convention, ntchito ya pakati pa akazi inakula m'manja mwa Emma B. DeLany, mkazi wakuda wa ku Florida wophunzira ku Spelman mumzinda wa Atlanta, amene anafika kuno mu 1902. Ndipo iyeyu atabwerera kwawo patapita zaka zowerengeka, singano ndi ulusi zinatsala m'manja mwa Mayi Ida. Zilipo zithunzi za masiku amenewo: china chiwaonetsa ali ndi mwamuna wawo ndi mwana wawo, atavala diresi lalitali lofika kumapazi, ndi china chionetsa akazi a pamishoni ali pa phunziro la kusoka. Munthu wa lero, amene agula kaunjika pamsika wa Mbulumbuzi ndi ndalama zochepa, adzati kusoka n'kanthu kakang'ono. Koma akumbuke kuti imeneyo inali nyengo ya "chotsa chipewa", pamene munthu wakuda wovala bwino anali chokhumudwitsa m'maso mwa Mzungu wa pamunda, ndi pamene anthu ambiri a ku maesiteti anayesedwa manja olimira thonje basi. Kutenga mkazi wotere, kumkhazika pampando, kumgwiritsa singano kuti adzisokere yekha chovala, ndi kumuuza kuti iyenso analengedwa m'chifanizo cha Mulungu, unali ulaliki wosachepera uja umene mwamuna wawo anaulalikira pa gome.

Zimene zinatsata tizidziwa tonse. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu a Chilembwe anagwa pa nyumba ya William Jervis Livingstone ku Magomero, namupha. Akazi a Chizungu ndi ana awo anatengedwa, koma anabwezedwa osakhudzidwa. Asilikali a boma anafika ku Mbombwe, naphulitsa tchalitchi chachikulu cha njerwa chimene anthu anali atachitsiriza posachedwa. Ndipo pa 3 Febuluwale mbusayo anaomberedwa ali kuthawira kumalire a dziko la Apwitikizi. Mayi Ida anatsala wamasiye wa munthu amene boma linamtcha chigawenga, ndipo sanakhalitse, pakuti chimfine chachikulu cha 1918, chimene chinasesa anthu miyandamiyanda padziko lonse nkhondo ya Jeremani ili kutha, chinawatenga iwonso. Ana awo amene mabuku atchula ndi atatu: amuna awiri, John wotchedwanso Charlie ndi Donald, ndi wamkazi mmodzi, Emma, amene anamwalira akali wamng'ono.

Apa tsono wowerenga mibadwo aime, alingalire monga alingalira akulu pabwalo. Mwa mwambo wathu mwana wamwamuna sapitiriza bele. Iye anka ku chikamwini, nabala kumeneko, ndipo ana ake awerengedwa kwa amawo, mwini wawo nakhala malume wa kumeneko. Wopitiriza bele ndiye mwana wamkazi. Ngati tsono mwana wamkazi wa Mayi Ida anagona m'manda asanathe msinkhu, ndiye kuti bele lawo linauma pomwepo, ndipo mwa chilamulo cha makolo athu palibe lero munthu angaimirire pabwalo ndi kunena kuti, "Ine ndine wa mbumba ya Ida," monga anenera ena za matsinde awo. Akhoza kukhalapo adzukulu a kuchimuna; akhoza kukhalapo a bele la abale awo; amenewo chibale chawo nchoona, ndipo sindichichepetsa. Koma mbumba yeniyeni, yobadwa mwa ana aakazi a ana aakazi, imene imanga nyumba mozungulira nyumba ya gogo, mkazi womveka koposa wa Chiradzulu sanaisiye. Ndipo amene ayesa kuwafuna m'mapepala apeza kuti ngakhale m'menemo njira njopapatiza, pakuti moto unanyeketsa zolemba zambiri za boma ku Zomba mu 1919, ndipo m'buku lalikulu limene George Shepperson ndi Thomas Price analitulutsa mu 1958 pa mbiri ya Chilembwe, mayiwa aoneka apa ndi apo, m'mbali mwa nkhani ya mwamuna wawo.

Kodi tinene kuti anafa wopanda mbewu? Pakati pathu palibe mawu olemera koposa amenewa, pakuti mkazi amene bele lake lauma, manda ake amera thengo, ndi dzina lake lisowa mwana woti alowe. Mtima wanga ukana kunena chomwecho za mayi ameneyu; koma mtima wokha suli mboni yokwanira, ndipo ndiyenera kuonetsa chifukwa chake. Mboni ziwiri zili pafupi, zonse za m'dera lomwe lino, zonse za m'zaka zomwezo.

Yoyamba ndi eni ake a Magomero. Munda waukulu uja wa A. L. Bruce Estates, wa maekala opitirira 150,000, unagulidwa ndi Alexander Low Bruce wa ku Edinburgh, amene anakwatira Agnes, mwana wamkazi wa David Livingstone. Ndipo mwana wawo, amene anadza kudzalamulira mundawo, anatchedwa Alexander Livingstone Bruce. Taonani, ameneyu anali mdzukulu weniweni wa sing'anga uja amene anadula magoli a akapolo kwa Mbame mu Julaye 1861, ndipo unali ubale wodzera mwa mayi, womwe uja umene ife tiuyesa woposa ubale wonse; agogo ake aakazi anali Mary Moffat, mwana wa mmishonale, amene anafera ku Shupanga pa Zambezi mu 1862 potsata mwamuna wake ku ntchito ya dziko lino. Pakadakhala kuti chifundo chiyenda m'mwazi, sikukadakhala malo okoma mu Nyasalande monse koposa Magomero. Koma pa nthaka yomweyo pamene Bishopu Mackenzie anasonkhanitsa akapolo omasulidwawo, mdzukuluyo analetsa sukulu, pakuti sanafune kuti munthu wakuda aphunzire. Kapitawo wake wamkulu, William Jervis uja, wa dzina la Livingstone nayenso, anatentha nyumba zopemphereramo zimene anthu a Mbombwe anamanga pamundapo. Ndipo thangata, amene anayenera kukhala mwezi umodzi wa lendi ndi wina wa msonkho, anatambasuka monga anafunira mwini munda, kufikira munthu anasowa nthawi yolima pake. Mwazi unalipo, dzina linalipo lolembedwa pakati pa maina ake, koma cholowa chenicheni cha agogo ake sichinafike pa iye.

Mboni yachiwiri ndi Emma DeLany uja. Iyeyu sanasiye mwana wa m'mimba mwake m'dziko muno, ndipo pabwalo la mfumu iliyonse ya Chiradzulu akadayesedwa mlendo wopanda munda ndi wopanda manda. Koma panali mnyamata wina wa kuno amene iye anamphunzitsa, dzina lake Daniel Sharpe Malekebu. Ndipo mphunzitsi wake atachoka, mnyamatayo anayenda pansi kunka ku Beira, nagwira ntchito m'zombo kufikira anafika ku Amereka, naphunzira kumeneko kufikira anatuluka dotolo ku Meharry Medical College mu 1917, woyamba mwa ana a dziko lino. Anakwatira Flora Zeto, wobadwira ku Congo, wophunzira nayenso ku Spelman. Ndipo angakhale boma linamkaniza poyamba, mu 1926 analoledwa kubwera, natsegulanso mishoni ya Mbombwe imene inakhala bwinja zaka 11. Munthu aliyense amene anaphunzira kuwerenga pa sukulu ya PIM kuyambira pamenepo, mayi aliyense amene anachiritsidwa pa chipatala chake, ali ndi ulusi womfikitsa kwa mkazi uja wa ku Florida amene sanambale. Paja akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndipo ine ndiona kuti m'mwambi umenewu makolo athu, amene anasunga mwambo wa mabele mwansanje chotere, anadzisiyira okha khomo lina, podziwa kuti pali kubala kumene sikudzera m'chikuta.

Ndipo Malembo anena chimodzimodzi. Yohane Mbatizi, poona Afarisi ndi Asaduki akudza ku Yordano odalira kuti kholo lawo ndi Abrahamu, anawauza poyera kuti Mulungu akhoza kuukitsira Abrahamu ana kuchokera m'miyala, ndi kuti chimene chifunidwa kwa iwo ndicho zipatso. Paulo mtumwi, polembera Timoteo, atchuladi agogo ake aakazi Loisi ndi amake Yunike, monga angatchulire munthu wa kwa Kadewere, osatchula atate wake Mhelene. Koma chimene ayamika mwa akazi awiriwo ndicho chikhulupiriro chimene chinayamba kukhala mwa iwo, ndipo m'kalata yomweyo aonetsa njira imene chinatsikira, kuti Timoteo anadziwa malembo kuyambira ukhanda wake. Ndiko kunena kuti panali munthu amene anamkhazika pamwendo, namuuza, nabwereza, tsiku ndi tsiku. Chinthu chimene chimakuza kholo, kaya ndi kulimba mtima, kaya ndi chifundo, kaya ndi luso la manja, sichidumpha chokha kulowa mwa mdzukulu ali m'tulo. Chiperekedwa dzanja ndi dzanja, ndipo kumene dzanja lina lakana kulandira, chigwa pansi, angakhale mwazi upitirire. Chifukwa chake ndinena kuti Mayi Ida ali nayo mbumba, ndi kuti njochuluka: akazi aja anakhala pa phunziro la kusoka anapita kwawo, naphunzitsa ana awo kuti mkazi wakuda ayenera kuvala mwaulemu, kuwerenga Buku ndi kuyang'ana munthu kumaso, ndipo anawo anaphunzitsa awo.

Koma ndisapitirire muyeso, ndingafanane ndi alaliki ena a masiku ano amene auza anthu kuti maina a makolo ndiwo maunyolo a ziwanda, oyenera kudulidwa ndi kuiwalidwa. Chiphunzitso chimenecho ndichikana ndi mtima wonse. Chibale ndi fupa, sichiola. Mulungu amene anadzaza mitu yathunthu ya Buku lake ndi maina a obala ndi obadwa sanayese mibadwo chinthu chachabe. Ndipo m'buku la Ezara timva za ansembe ena obwera ku ukapolo wa ku Babulo, a nyumba ya munthu amene anakwatira mwana wamkazi wa Barizilai wa ku Gileadi natchedwa dzina la kuchikazi, amene anafunafuna maina awo m'kaundula osawapeza, nachotsedwa pa unsembe. Kutaya mbiri ya bele lako nkutaya kanthu ndithu, ndipo m'dera lopanikizana ngati lathu lino, m'mene minda yachepa ndi milandu ya malire siitha, amene sadziwa tsinde lake adzalimidwa mpaka pakhomo. Mwazi uli ndi mawu ake. Funso ndi lakuti unena chiyani.

Ine ndimva kuti unena za ngongole. Pakati pathu, kodi munthu akadziwika kuti ngwa bele lakuti, chimene chimgwera nchiyani? Maliro akagwa pa bele limenelo ndiye woyamba kuuzidwa, ndi wotsiriza kuchoka pasiwa. Mwana akalakwa kwa eni, nkhuku ichokera kwa iye. Mlongo wake akasiyidwa, ana amasiye ayang'ana pakhomo pake. Nyengo yolambula kumanda ikafika, khasu lake lifunidwa. Umwini mbumba ndi mtolo wosenza pamutu, ndipo makolo athu sanadziwe chibale china chopanda mtolo. Tsono lingalirani chimene chinali kukhala mbale wa Mayi Ida m'chaka cha 1915 ndi zaka zotsatira, pamene anthu ngati 40 anaphedwa ndi boma atazengedwa milandu, ena ngati 300 naponyedwa m'ndende, midzi nitenthedwa, ndi dzina lenilenilo la Chilembwe linali lotchula monong'ona. Amene anavomera chibale m'masiku amenewo, natsegulira wamasiyeyo chitseko, nagawira ana ake nsima, anagula chibalecho ndi mantha a usiku uliwonse. Mmodzi wa anawo anakalamba ku Blantyre ali munthu wamba wa ntchito yapansi, namwalira mu 1971. Lero nkhope ya atate wake ili pa ndalama ya K500 ndi ya K2000, ndipo kuvomera chibale sikuopsanso munthu. Nchifukwa chake ndinena kwa mnyamata wofuna kudziphatika ku dzina limeneli kuti, mwana wanga, ngati uli wawo ndithu, chimene wapeza ndi mlandu wosatha: pali atsikana kwanu amene asiya sukulu asanathe kulemba kalata, ndipo gogo amene ukumtchulayo akadakhala ndi moyo sakadagona tulo chifukwa cha iwo.

Pali chinanso chimene chindiwawa koposa pa kafunidwe kameneka ka kholo lomveka, ndicho chakuti pofuna mmodzi tipondereza ambiri. Mateyu, poyala mibadwo ya Ambuye Yesu, anali ndi ufulu wotchula Sara, Rebeka ndi Leya, amayi olemekezeka a Israyeli; koma asanafike pa Mariya akazi amene awalowetsa ndi anayi ena: Tamara, amene anabala mwa apongozi ake; Rahabi wa ku Yeriko, amene ntchito yake tiidziwa; Rute Mmoabu, mlendo wokunkha m'minda ya eni; ndi mkazi wa Uriya, amene mfumu inamlanda. Mlembi wofuna kukometsa mbiri akadawabisa onsewo. Ndipo ife a Chiradzulu tiyenera kumva mawu amenewa koposa anthu ena, pakuti phiri lathu lino linaona zaka zoopsa za pakati pa 1860 ndi 1890, pamene nkhondo, njala ndi malonda a anthu zinasakaniza mitundu, ndipo akazi ogwidwa anakwatiwa m'nyumba za owagwira. John Chilembwe mwini wake, monga isimbidwa mbiri yake, anabadwa kwa atate Myao ndi kwa mayi Mmang'anja dzina lake Nyangu, amene anagwidwa pankhondo. Munthu amene dziko lonse liimika ntchito chifukwa cha iye tsiku limodzi pa chaka anayamwa bele la mkazi wogwidwa.

Mabanja angati m'midzi mwathu muno amene, akakwera mibadwo inayi kapena isanu, afika pa mkazi wotere? Ngochuluka, ndipo akulu awadziwa. Koma akafika pamenepo mawu atsika, nkhani nikhotera kwina, popeza kutchula munthu kuti ngwa bele la mdzakazi ndi mlandu wa mbuzi. Momwemonso akazi a Chilomwe amene anaoloka malire kuthawa nkhanza za Apwitikizi, mwana kumbuyo, mtolo pamutu, nalandiridwa pa maesiteti chifukwa analibe kwina kopita, natola thonje la Bruce kuti mabanja awo asapirikitsidwe: ndani anawajambula? Mwa khamu lonse la omasulidwa amene anakhala ku Magomero mu 1861 tidziwa maina ochepa okha, monga la kamtsikana Daoma kamene kanatengedwa kunka ku Cape Town, nikakula, nikakhala mphunzitsi wa ana amasiye kumeneko. Ndipo timdziwa chifukwa anagwa m'manja mwa anthu olemba. Amake a Daoma analinso munthu, anamvanso zowawa za kubala, koma palibe cholembera chinawapeza. Kumveka kwa m'nthawi ya atsamunda kunatsata kumene kunali pepala ndi kamera, ndipo pepala ndi kamera zinali pa mishoni, pa boma ndi pa khonde la Mzungu. Munthu amene asefa makolo ake ndi sefa ameneyu, nasunga okhawo amene analembedwa, walola mlendo kumsankhira amene ayenera kumlemekeza mwa amayi ake omwe.

Sindinena ichi kuti ndichepetse Mayi Ida. Ndikhulupirira kuti iwo eni akadayamba kuvomera, pakuti ntchito yawo yonse inali pa akazi opanda dzina omwewo, ndi apongozi awo anali mmodzi wa iwo. Chimene ndikana ndi mtima uja umene uyesa kuti Mulungu asunga kaundula wake monga anasungira bwanamkubwa wa ku Zomba. Mkazi amene anabisa mbewu ya mapira m'nsalu pothawa nkhondo, nafika pa dziko la eni, napirira kutchedwa kapolo kuti ana ake akhale ndi moyo, anachita chinthu chachikulu chosachepera cha munthu aliyense wolembedwa m'buku. Ndipo ngati mdzukulu wake lero ayendetsa galimoto m'misewu ya Limbe, achita manyazi ndi yani?

Tsono kwa iye amene afuna kulondola bele lake, ndinena kuti achite, ndipo achite msanga, pakuti nkhalamba zimene zinamva nkhani izi pakamwa pa anthu amene anaona 1915 ndi maso zatsala zowerengeka. Asayambe ndi ku Zomba kosungira zolemba zakale. Ayambe ndi agogo ake aakazi ndi achemwali awo, awapeze pa nthawi yosenda chimanga kapena usiku wa pamaliro, pamene lilime limasuka, ndipo apite ndi shuga ndi mchere monga ayenera mwana wopita kwa akulu. Asafunse kuti, "Kodi tikhudzana ndi wakuti?" pakuti nkhalamba yokonda mdzukulu idzampatsa yankho limene aoneka kuti alifuna. Afunse kuti, "Agogo, amene anakubalani anabadwira kuti? Nanga amawo anachokera kuti, anadza ndi yani, anaikidwa manda ati?" Pa dzina lililonse afunsenso chimene mayiyo ankadziwa kuchita, kaya kuumba mbiya, kaya kubadwitsa ana, kaya kulangiza anamwali, kaya kuyambitsa nyimbo m'tchalitchi, ndi amene anamphunzitsa, ndi amene iye anaphunzitsa, pakuti pamenepo adzaona mibadwo iwiri ikuyenda pamodzi, wa mwazi ndi wa manja, nthawi zina m'njira imodzi, nthawi zina yopatukana. Zimene amva kwa bele lalikulu akazifunsenso kwa bele laling'ono, popeza awiriwa sasimba mofanana, makamaka kumene kuli ufumu.

Ndipo akafika pa mayi uja amene akulu atsitsa mawu pomtchula, achenjere, pakuti apa chilungamo ndi chikondi zikokana. Kubisa mayiyo nkumpha kachiwiri. Koma kumlengeza pabwalo, kapena kumwaza dzina lake pa lamya kwa abale onse, kukhoza kulanditsa munda wa mkazi wamasiye amene alima lero pamalo pamene agogo ake anapatsidwa mwachifundo, popeza akadalipo anthu amene adikira mawu otere kuti autse mlandu wa malire kapena kutsekereza bele lina pa ufumu. Ine ndikadati alembe dzinalo m'buku lake, pamzere wake, mwa zilembo zofanana ndi za ena onse. Awauze ana ake m'nyumba akafika pa msinkhu wosunga mawu. Koma za pabwalo ayambe wakhala pansi ndi eni mbumba a mabele onse awiri, ndipo ngati iwo ati nthawi siinafike, adikire.